DZIRA, CHITSAMBA NDI MWANA WOSABADWA

Abale ndi alongo, aphunzitsi a Sande Sukulu, ndiyambe ndi kuulula kanthu kamene ndinachita ndili mphunzitsi wachinyamata. Ku sukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa kuti mwana amagwira msanga chimene waona ndi maso ake koposa chimene wangomva. Tsono tsiku lina, pa phunziro la zachilengedwe, ndinatenga dzira limene thadzi linali litafungatira masiku atatu, ndinaliswa mosamala m'mbale ya madzi ofunda, ndipo ndinaitana ana kuti abwere aŵiriaŵiri. Pamwamba pa chikasu cha dziralo panali timitsempha tofiira tonga ukonde wa kangaude, ndipo pakati pake panali kadontho kamene kanali kugunda. Kalasi yonse inangoti zii. Pamenepo mtsikana wina wamng'ono anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tikatha kuona, mulitsekanso bwanji?" Ndinasoŵa chonena. Belu lisanalire, kadontho kaja kanaleka kugunda.

Funso la mwana uja landitsata kufikira ukalamba wanga uno. M'maiko ambiri muli nyumba zofufuzira m'mene akatswiri amatenga madzi a mizu, makungwa ndi masamba, nawathira dala pa mazira amoyo a nsomba, a achule ndi a nkhuku, kapena kumwetsa makoswe ndi akalulu a bere. Amafuna kuona ngati mluza, ndiko kuti kamoyo kamene kangoyamba kuumbika m'dzira kapena m'mimba, udzakula bwino, udzapunduka kapena udzafa. Miluza yambiri imaferadi pamenepo. Kodi nkoyenera kuti munthu aike chiphe pa kamoyo kosalakwa kuti adziŵe kanthu? Tiyeni tilingalire pamodzi.

NKHOSA ZA KU IDAHO

M'zaka za m'ma 1950, oŵeta nkhosa a kumapiri a Idaho, m'dziko la America, anali pa chisoni. Nkhosa zawo zina zinali kuswa ana a diso limodzi pakati pa chipumi ndi nkhope zopotoka, ndipo ana otere sanali kukhala moyo. Pa chaka cha 1957 akatswiri a boma oona za ulimi anayamba kufufuza. Mmodzi wa iwo, Lynn James, anakhala ndi nkhosa kubusa nyengo zitatu za chilimwe, akuona ndi kulemba zimene zinali kudya. Potsiriza anapeza kuti mdani anali chitsamba chobiriŵira bwino, cha masamba aakulu, chomera m'madambo a m'mapiri, chimene akatswiri amachitcha Veratrum californicum. Pa chaka cha 1968 mnzake Richard Keeler anapatula chiphe chenichenicho m'chitsambamo, ndipo anachitcha cyclopamine. Ntchitoyi inatenga zaka 11. Akulu sananame kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chodabwitsa chinali ichi. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu, koma tsiku lopundula nkhope linali limodzi, la 14 itatenga bere. Ikadya chitsambacho chakumapeto kwa mwezi woyamba, nkhope ya mwana inali kukhala bwino, koma miyendo ndiyo inali kufupika. Make anali kupulumuka ndi kupitiriza kudya msipu, mbusa osadziŵa kuti kanthu kachitika m'kati.

Pa chaka cha 1998 akatswiri ena anathira cyclopamine pa miluza ya m'mazira a nkhuku, nazindikira mmene chimagwirira ntchito. M'thupi limene likuumbika muli kanthu konga mthenga, kamene kamauza tizigawo ta thupi kuti apa ndi pakati pa nkhope, maso akhale limodzi uku, lina uko. Chiphecho chimatseka njira ya mthengayo, motero malo a maso aŵiri sagaŵanika. Nzeru imeneyi inathandiza kupeza mankhwala a khansa ina ya pakhungu, amene analoledwa ku America pa chaka cha 2012, ndipo ali ndi chenjezo lamphamvu lakuti mayi wapakati asawamwe.

Si nkhosa zokha ayi. Ku Kentucky, m'dziko lomwelo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nkhumba za bere zimene zinadya mapesi a fodya wa bale otayidwa zinaswa ana a miyendo yokhota. Ife amene timalima fodya yemweyo, ndi kuŵeta nkhumba pafupi ndi zigafa, tiyenera kutchera khutu.

CHIMENE MAKOLO SAKANATHA KUONA

Pali mau amene timawamva kaŵirikaŵiri pamsika ndi m'basi, akuti chomera m'nthaka sichingapweteke munthu popeza nchachilengedwe. Ŵerengani 2 Mafumu 4:38-41. Pa nthaŵi ya njala ku Giligala, munthu wina anapita kuthengo kukafuna ndiwo, natola zipatso za chomera chimene sanachidziŵe, naziika mumphika wa anzake. Atalaŵa anazindikira kuti chakudyacho chinali chakupha, ndipo anapulumuka chifukwa Elisa anali pomwepo. Munthu uja sanali mfiti. Anali wanjala ndi wa mtima wabwino, koma safunsa anadya phula. Mulungu analengadi zomera zonse, ndipo zina nza chakudya, zina nza mankhwala, zina nza mthunzi. Koma kusiyanitsa kwake anasiyira ife, popeza anatipatsa maso ndi nzeru.

Makolo athu anadziŵa zambiri. Anadziŵa kuti chinangwa choŵaŵa chimayamba chaviikidwa masiku angapo, kuti kalongonda amaphikidwa nthaŵi yaitali ndi kutaya madzi ake, ndiponso kuti katupe amaledzeretsa nsomba padziŵe. Nanga anadziŵa bwanji? Anadziŵa ndi matupi a anthu. Wina anadya nasanza, wina anadya nafa, otsala anachenjera. Njira imeneyi imathandiza pamene vuto laoneka tsiku lomwelo, mphika ukadali pamafuwa.

Koma za mwana wosabadwa nzosiyana. Mtima wa munthu umayamba kugunda pafupifupi tsiku la 22 chiyambire pakati, ndipo m'milungu isanu ndi itatu yoyamba ndi mmene ziŵalo zazikulu zimayalidwa maziko ake. Pa nthaŵi imeneyo mayi mwina sanadziŵe nkomwe kuti waima. Tiyerekeze kuti wamwa chikho cha mankhwala a m'mimba kapena a mutu, ndipo wachira bwino. Patapita miyezi isanu ndi iŵiri, mwana wabadwa wolumala. Ndani adzakumbukira chikho chija? Palibe. M'malo mwake chala chidzaloza gogo wa kuseri kwa mudzi, kapena mkazi mnzake, kapena bambo wa mwanayo kuti anatsempha. Motero chitsamba chimapulumuka pa mlandu, ndipo munthu wosalakwa ndiye amasenza dzina la ufiti. Ife akulu a mpingo takhalapo pa milandu yotere, ndipo tikudziŵa mmene imapasulira mabanja.

Musaganize kuti ndikunyoza mankhwala achikuda ndi kukweza a kusitolo. Kwinini anachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo mankhwala a malungo amene timawatcha LA mphamvu yake ina inachokera ku chitsamba cha ku China. Komanso tsoka lalikulu koposa pa nkhani imeneyi silinachokere kuthengo. Pa chaka cha 1957 ku Germany anayamba kugulitsa mapiritsi opangidwa m'fakitale otchedwa thalidomide, ndipo amayi apakati ambiri anali kuwamwa kuti agone bwino ndi kuletsa mseru. Mapiritsiwo sanayesedwe mokwanira pa nyama za bere. Pofika chaka cha 1961, pamene analeka kuwagulitsa kumeneko, choipa chinali chitachitika kale: ana oposa 10,000 m'maiko ambiri anabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi kwambiri, ena opanda konse. Ku America mayi wina wa ntchito ya boma, Frances Kelsey, anakana kuwaloleza chifukwa umboni sunamkwanire, napulumutsa ana ambiri. Pambuyo pa tsoka limeneli maiko anakhwimitsa malamulo, kuti mankhwala atsopano aziyamba ayesedwa pa nyama za bere. Pepani sapoletsa chilonda.

MMENE AMAYESERA

Lero akatswiri ambiri amayamba ndi kansomba ka mizeremizere kotchedwa zebrafish, kochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, kakang'ono ngati matemba. Dzira lake nlocheperapo kuposa kambeu ka maŵere, ndipo limaonekera m'kati ngati galasi, kotero kuti munthu angathe kuona mluza ukukula popanda kuliswa. Mtima umayamba kugunda patapita tsiku limodzi, ndipo kansombako kamatuluka m'dzira pa tsiku lachiŵiri kapena lachitatu.

Pa chaka cha 2013 bungwe la maiko lotchedwa OECD linakhazikitsa njira imodzi yoti onse azitsata poyesa chiphe pa mazira ameneŵa. Chinthu choyesedwacho amachisungunula m'madzi pa miyeso isanu, kuyambira wochepa kufikira wamphamvu, ndipo pa muyeso uliwonse amaikapo mazira 20, dzira lililonse m'kachibowo kake. Mazira ena amawasiya m'madzi abwino kuti pakhale pofanizira. Tsono kwa maola 96, ndiwo masiku anayi, amayang'ana tsiku ndi tsiku zinthu zinayi: ngati dzira laundana ndi kuyera, ngati timagawo ta msana taumbika, ngati mchira wasiyana ndi thupi la dzira, ndiponso ngati mtima ukugunda. Ofuna kudziŵa za kupunduka amayang'ananso maso, mutu ndi kukhota kwa msana. Ŵerengani nokha: kuyesa chinthu chimodzi kamodzi kumadya mazira oposa 100.

MLANDU WAKE

Tsopano tifike pa funso lathu. Wina adzati, "Moyo ngwa Mulungu. Munthu alibe mphamvu yopanga ngakhale dzira limodzi la usipa, nanga aliwonongeranji?" Mau ameneŵa ngolemera, ndipo tisawapeputse. Wina adzaonjeza kuti Paulo, pa Aroma 3:8, anatsutsa maganizo ochita choipa ndi cholinga chakuti pabwere chabwino.

Ine ndalingalira zaka zambiri, ndipo ndafika apa. Choyamba, palibe njira yoti pasakhale woyesedwa. Anthu akumwa kale zitsamba, ziŵeto zikudya kale masamba. Tikakana kuyesa m'mbale, kuyesako sikuleka. Kumangosamukira m'mimba za amayi, kumene palibe woŵerenga, palibe wolemba, ndipo palibe phunziro lotsala. Ana 10,000 aja anayesedwa ndithu, ngakhale palibe anawapempha. Choncho funso lenileni nlakuti: adzasenza kuyesedwaku ndani, dzira la nsomba kapena mwana wa munthu?

Chachiŵiri, Malembo sanena kuti kutenga moyo wa nyama pa chosoŵa chenicheni ndi tchimo. Pa Genesis 9:3 munthu analoledwa kudya nyama, ndipo ife timadya mazira ndi mbale zodzaza usipa chikumbumtima chili phee. Ngati nkololedwa chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi, kuli bwanji chifukwa cha miyendo imene mwana adzayendere moyo wake wonse? Pa Mateyu 10:29-31 Ambuye anaphunzitsa zinthu ziŵiri pamodzi: kuti Atate amasamala ngakhale kambalame kotsika mtengo, ndiponso kuti munthu ngwa mtengo woposa mbalame zambiri. Tisagwire chimodzi ndi kutaya chinzake. Wogwira choyamba chokha adzasiya mwana apunduke kuti nsomba ipulumuke. Wogwira chachiŵiri chokha adzasanduka wankhanza.

Kale makolo anali ndi mwabvi, umene lamulo la 1911 linauletsa m'dziko muno, ndipo nthaŵi zina anali kumwetsa nkhuku m'malo mwa munthu woganiziridwa. Wina angafunse kuti, kodi izi si zofanana? Ayi. Pa mwabvi anthu anali kupempha chiphe kuti chiweruze munthu, pamene chiphe sichidziŵa mlandu wa aliyense. Pa kuyesa kumene tikunenaku, chiphe ndicho chili pa mlandu, ndipo dzira ndi mboni. Mwabvi unali kuchulukitsa anthu onamiziridwa. Mboni iyi imawamasula.

Chifukwa chake ndikuti nkololedwa. Koma ndi chilolezo chonga cha ngongole, chimene munthu amalandira mutu uli pansi. Pa Deuteronomo 22:6-7 munthu wopeza chisa analoledwa kutenga za m'chisamo, koma analamulidwa kuleka make apite. Kutenga kunaloledwa, koma kunaikiridwa malire.

MALIRE ANAYI

Loyamba, pakhale chifukwa chokwanira. Kuyesa chitsamba chimene amayi apakati akumwa, kapena chimene ziŵeto zikudya kubusa, ndi ntchito ya chikondi. Kuwononga miluza pofuna kungotchuka, kapena kubwereza chimene chinadziŵika kale, ndi kuseŵera ndi moyo.

Lachiŵiri, pawonongeke zochepa monga kungathekere. Pa chaka cha 1959 akatswiri aŵiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, anapereka malangizo atatu amene maiko ambiri amatsata: ngati pali njira yosafuna nyama, tengani imeneyo, ngati palibe, chepetsani chiŵerengero, ndipo konzani kachitidwe kuti zoŵaŵa zichepe. Nchifukwa chake ambiri amayamba ndi dzira la nsomba, kuti akalulu ndi makoswe ofunika achepe. Lamulo la maiko a ku Ulaya la 2010 limayamba kuteteza kansomba pamene kayamba kudya kokha, ndipo kwa zebrafish ameneŵa ndi masiku asanu. Koma chikumbumtima sichidikira tsiku lachisanu. Miyambo 12:10 imatikumbutsa kuti munthu wolungama amadziŵika ndi mmene amasungira chiŵeto chake.

Lachitatu, anene zoona, ndipo asanene zopitirira. Nsomba si munthu. Thalidomide sanali kupundula ana a makoswe monga anachitira ndi anthu, koma atayesedwa pa akalulu ndi anyani kupunduka kunaoneka. Tsono dzira likapunduka, limenelo ndi chenjezo lofuna kufufuza kwina. Likapanda kupunduka, sindiye kuti mayi amwe mosaopa. Wofufuza wobisa zimene waona chifukwa cha ndalama, ndi wogulitsa wolumbira kuti botolo lake silingapweteke aliyense pamene silinayesedwe, onse aŵiri aswa lamulo lachisanu ndi chinayi, ndipo miluza ija yafera chabe.

Lachinayi, munthu asasanduke chiŵiya cha munthu mnzake. Salimo 139 limationetsa kuti Mulungu amamdziŵa munthu akali kuumbika m'mimba mwa amake. Ku Britain lamulo la 1990 limalola kufufuza pa miluza ya anthu kufikira tsiku la 14, ndipo Akhristu a kumeneko amasiyana maganizo pa nkhaniyi. Kunena za ine, chifukwa chimene chandilola kuvomereza dzira la nsomba nchakuti mwana wa munthu atetezedwe. Sindiona mmene chifukwa chomwecho chingandilolere kupereka mwana wa munthu.

ZOTI TIPHUNZITSE

Ana a m'kalasi mwanu sadzaŵerenga mazira a zebrafish Sabata likudzali, koma pali zinthu zimene angathe kunyamula kupita nazo kunyumba.

Aphunzitseni kuti asadye chipatso, muzu kapena bowa zimene sakuzidziŵa, ngakhale zikongole bwanji. Nkhani ya ku Giligala amaikonda, ndipo angathe kuichita ngati seŵero.

Aphunzitseni ulemu pa zamoyo zazing'ono. Mnyamata wophwanya chisa cha mpheta popanda chifukwa, ndi wodula miyendo ya chiwala kuti aseke, afunika mau anu achikondi lero, asanakule.

Kwa atsikana ndi anyamata okulirapo, ndiponso pocheza ndi makolo, nenani mosabisa kuti mayi woyembekezera, kapena amene akuganiza kuti mwina waima, asamwe mankhwala alionse, a kuthengo kapena a kugolosale, asanafunse kuchipatala. Mwanamphepo, amene amayi ena amamwa kuti matenda afulumire, anamwino akhala akuchenjeza za iye chifukwa mphamvu yake palibe amaidziŵa muyeso, ndipo chiberekero chikakokedwa mopitirira, mayi ndi mwana onse amakhala pangozi. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano angatithandize kufikitsa mau ameneŵa kumene ife abambo sitifika. Tinene mofatsa, popeza agogo opereka chikhocho amapereka ndi chikondi, monga munthu uja wa ku Giligala.

Koma chenjerani ndi ichi. M'kalasi mwanu mwina muli mwana wolumala, kapena mbale wake. Kulumala kwambiri kobadwa nako sikuchokera ku chimene mayi anamwa, ndipo nthaŵi zambiri ngakhale madokotala sapeza chifukwa chake. Phunziro ili lisasanduke mwabvi watsopano woweruzira amayi. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziŵa wochimwa, koma Ambuye anakana kuloza chala iyeyo kapena makolo ake, namthandiza. Mwana wolumala ndi chifanizo cha Mulungu chathunthu. Akhale kutsogolo, aimbe nawo, apatsidwe vesi lake.

Mtsikana uja tsopano ayenera kuti ali ndi zidzukulu. Ndikanakumana naye ndikanamuyankha kuti: "Mayi, dzira lija silikanatsekekanso. Ndinalitenga kuti ana makumi asanu aone mmene moyo umayambira, ndipo ndikhulupirira kuti silinapite pachabe. Koma ndinalakwa posakuuzani ndisanaliswe kuti phunziro lathu lidzadya moyo wa kamwanapiye. Inu munaona mtengo wake. Ine mphunzitsi ndinali nditauiŵala." Wofufuza aliyense woŵerama pa mazira ake, Mulungu ampatse mtima wa mwana ameneyo pamodzi ndi kudekha kwa anthu aja a ku Idaho.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi munthu wa ku Giligala analakwa pati, popeza cholinga chake chinali chabwino?

2. Nchifukwa chiyani nkovuta kuti anthu a pamudzi azindikire okha chitsamba chimene chimapweteka mwana wosabadwa?

3. Mayi wina wa mumpingo mwanu wabereka mwana wolumala, ndipo abale akuloza chala apongozi ake. Inu monga mphunzitsi mudzanena chiyani, ndipo mudzayamba ndi yani?